Lamulo la maola 1,500 kwa mapayiloti aku America, likuteteza anthu kapena likungotsekereza ana?

Nangozo

Abale ndithandizeni nzeru, ine mutu waima. Mwana wa achimwene anga ali ku America, wakhala akuphunzira zoyendetsa ndege zaka ziwiri tsopano, layisensi ya commercial anatenga, maola ake owuluka angopitirira 250 pang'ono. Ife tinali titayamba kale kuthokoza Mulungu kuti basi zatheka, ayamba ntchito, ngongole ya sukulu ija aziidula pang'onopang'ono. Nde dzana tikucheza pa foni akundiuza kuti azakhali musafulumire, kulibe kampani yonyamula anthu imene ingandiyang'ane ndisanakwanitse maola 1,500, olo makampani ang'onoang'ono aja amene amatola anthu m'matauni aang'ono kukawasiya ku mabwalo akuluakulu. 1,500! Ndiye kuti zonse wavutikazi ndi gawo limodzi mwa magawo 6 basi.

Panopa akuti ayamba kuphunzitsa anzake pa tindege ting'onoting'ono kuti maola azikwera. Funso langa ndi ili, lamulo limeneli linachokera kuti? Ndinamva pena pake kuti ku Europe mwana wa maola 200 amakhala kale pampando wakumanja, wa wachiwiri wa kaputeni, mu Airbus atanyamula anthu oposa 100, nanga aku America akuopa chani? Kapena ndi njira yongotsekera ana a osauka? Mwanayo anangonditchulira za ngozi ina ya 2009 koma foni inaduka sitinamalize. Amene mukudziwa ndimasulireni bwinobwino, ndikufuna ndikamalankhula naye ndizidziwa chomwe ndikunena.

Kamtambo

A Nangozo, ngozi imene mwana wanuyo akunena ndi ya Colgan Air 3407. Usiku wa pa 12 Febuluwale 2009 ndege ya mtundu wa Bombardier Q400, ya mapuropela awiri, inanyamuka ku Newark kupita ku Buffalo. Pa tikiti ngakhalenso pa ndege penipenipo panalembedwa Continental Connection, ndiye anthu ambiri okwera ankaona ngati ali m'manja mwa Continental, osadziwa kuti oyendetsa ndi a kampani ina yaing'ono yogwira pa kontirakiti. Inagwera pa nyumba ku Clarence Center itangotsala mamailosi ngati 5 kuti itere. Onse 49 amene anali m'ndege anafa, komanso bambo mmodzi amene anali m'nyumbamo, onse pamodzi 50.

Chimene chinawawa anthu kwambiri nchakuti ndegeyo inalibe vuto, injini zonse ziwiri zinali bwinobwino. Akutsika anachepetsa mphamvu, kutsitsa matayala, sipidi nkuyamba kugwa msangamsanga, ndipo mwa awiriwo palibe anaona. Ndege ikachepa sipidi chonchi mphuno ili m'mwamba, mapiko amasiya kugwira mphepo, imeneyo ndi imene amati stall, sikuti injini yazima ayi. Isanafike pamenepo chiwongolero chimanjenjemera kukuchenjeza, ndipo mankhwala ake mwana aliyense amaphunzira mwezi woyamba, kankha mphuno pansi, onjezera mphamvu. Kaputeni anachita zosemphana, anakoka. Ndege yokha inayesera kukankha chiwongolero kutsogolo, pali kachipangizo kochita zimenezo kotchedwa stick pusher, iye nkumalimbana nako kukokabe. Wachiwiri wake naye anabweza ma flap, timapiko tothandiza ndege kuuluka pa sipidi yochepa, osauzidwa. Pasanathe theka la miniti zonse zinali zitatha.

A NTSB, bungwe la boma lofufuza ngozi ku America, atafukula anapeza zinthu zimene zinachititsa manyazi ntchito yonseyi. Kaputeni anali atalepherapo mayeso owuluka kangapo ndipo pofunsira ntchito sanaulule onse, kampani nayo sinafufuze mpaka pansi. Maphunziro awo sanamuikepo mu simuleta, makina oyeserera kuuluka uli pansi, kuti amve m'manja mwake mmene stick pusher imakankhira. Wachiwiri wake anali mtsikana wa zaka 24, malipiro ake pafupifupi madola 16,000 pa chaka chonse, moti nyumba pafupi ndi Newark sakanaikwanitsa, ankakhala kwa makolo ake kufupi ndi Seattle, kumbali ina ya dziko. Usiku wa dzulo lake anachezera m'ndege zonyamula katundu kudzera ku Memphis kuti afike pa ntchito, ali ndi chimfine. Kaputeni naye kwawo kunali ku Florida ndipo anagona m'chipinda chopumulira ogwira ntchito pa eyapoti. Pa tepi ya mu cockpit, momwe mumakhala oyendetsa, mukumveka kuyasamula, ndiponso ankacheza nkhani zina ali pansi pa mafiti 10,000 pomwe lamulo limaletsa macheza.

Tsono abale a anthu omwalirawo sanangolira maliro nkukhala pansi. Anagwirizana, maulendo a ku Washington osawerengeka, zithunzi za abale awo m'manja, khomo ndi khomo kwa aphungu, mpaka pa 1 Ogasiti 2010 Obama anasainira lamulo. Kuchokera mmenemo ndi momwe munatuluka zonse, kuyambira 2013 wachiwiri wa kaputeni naye ayenera kukhala ndi layisensi ya ATP, yapamwamba kwambiri ya oyendetsa ndege, imene imafuna maola 1,500, pomwe kale 250 inali yokwanira. Pali kuchepetsako pang'ono kwa ena, wochokera ku usilikali 750, wa digiri ya zaka 4 ya zandege ku sukulu yovomerezeka 1,000, wa zaka 2 1,250. Mumufunse mwanayo kuti sukulu yake ili m'gulu limenelo kapena ayi, mwina mtunda ndi waufupiko kusiyana ndi mmene mukuganizira.

Wa_Cessna

Mayi Nangozo ine ndili pa njira yomweyo imene mwana wanu akuyamba, ndikuphunzitsa, maola anga ali cha m'ma 900. Ndiye ndilankhule zochokera pansi pa mtima.

Chimene a Kamtambo sanatchule, ndipo ndi chimene chimandipweteka nthawi zonse nkhaniyi ikabwera, nchakuti onse awiri a Colgan aja anali ndi maola oposa 1,500. Kaputeni anali ndi 3,379, wachiwiri wake 2,244. Kutanthauza kuti lamuloli likanakhalapo usiku umenewo onse awiri akanakhalabe pa mipando yomweyo, palibe akanawatsitsa. A NTSB nawonso mu lipoti lawo la 2010 sananene kuti chinagwetsa ndege ndi kuchepa kwa maola. Ndiye ukamaona nambala imeneyi imaoneka ngati inasankhidwa chifukwa njosavuta kuiloza ndi chala, osati chifukwa ndiye inali bala lenileni.

Ndikuuzeni tsiku langa mmene limayendera. Mmawa ndi wophunzira mu Cessna 172, kunyamuka, kuzungulira bwalo, kutera, kunyamukanso, ka 8 kapena ka 10, dzuwa lili phwee, mphepo kulibe. Masana wina, zomwezo. Kunja kukaipa sitiuluka ndipo tsiku limenelo ndalama palibe, maola palibe. Ola limenelo mu logbook limawerengedwa chimodzimodzi ndi ola la munthu amene akulimbana ndi madzi oundana pa mapiko usiku. Kodi kuzungulira bwalo lomwelo ka 3,000 kungandiphunzitse kugwira ntchito ndi kaputeni mu jeti, kugawana ntchito, kumudzudzula akalakwitsa? Ku Europe anasankha njira ina, mwana amamutenga kuyambira pachiyambi kumuphunzitsa ngati wa kampani, maola ambiri mu simuleta ya ndege yeniyeni imene adzayendetse, awiriawiri, ndipo ndege zawo sizikugwa tsiku ndi tsiku.

Komabe ndisaname, pali chinthu chimodzi chimene chinandisintha maganizo pang'ono. Tsiku lina wophunzira wanga akukhota kuti alunjike msewu woterapo anaona kuti wapitirira, ndiye anaponda rudder, chowongolera cha kumchira, mwamphamvu uku akukoka, sipidi ili pansi, ife tili pafupi ndi nthaka moti ndimaona mawaya a mpanda. Kabelu ka stall kanalira, phiko lakumanzere nkuyamba kulemera. Dzanja langa linakankha chiwongolero ndisanaganize nkomwe, mawu akuti ndege yanga anatuluka pambuyo. Titatera ndinakhala mu ndegemo kaye miyendo ikunjenjemera, mnyamatayo ali chete thukuta lili kamukamu. Ndili ndi maola 250 dzanja limenelo likanachedwa, ndikudziwa ndithu. Ndiye sindinganene kuti maolawa ndi opanda ntchito. Chimene ndikukana nchakuti ola lililonse ndi lofanana.

Ndipo za ana a osauka mwanenazo ndi zoona mayi. Ngongole ya sukulu siidikira kuti ufike 1,500. Anzanga awiri amene ankauluka bwino kuposa ine anasiyira panjira, osati chifukwa cha mutu, koma thumba.

Anaphiri

Ine za ndege sindidziwa zambiri koma ndagwira shifiti ya usiku ngati namwino zaka zambiri, ndiye pamene a Kamtambo anena za mtsikana wochezera usiku wonse nkukagwira ntchito ali ndi chimfine, mtima wanga wapita pamenepo osati pa maola 1,500. Tulo si chinthu choti ungachigonjetse ndi khama. Cha m'ma 4 koloko mbandakucha ndinaimapo ndi botolo la mankhwala m'manja, kuwerenga dzina lake katatu, maso akuona zilembo bwinobwino koma mutu osalandira kanthu, mpaka ndinaitana mnzanga kuti tawerenga iwe. Ndipo choopsa nchakuti wotopa sadziwa kuti watopa, umadziona ngati uli bwino. Tsono munthu wotereyo chiwongolero chimunjenjemerere mwadzidzidzi usiku, angachite chani china koposa kudzidzimuka?

Funso langa, pa nkhani ya kupuma anakonzapo chani? Chifukwa ngati anangokweza maola nkusiya anthu akugona pa mipando ya pa eyapoti ndiye kuti anamanga bala pamwamba mafinya ali mkati.

Kamtambo

Anaphiri mwafunsa penipeni, ndipo kwa ine gawo limeneli ndi limene linali lofunika kuposa onse ngakhale silitchuka ngati la 1,500. Malamulo atsopano a kupuma amawatchula kuti Part 117, anatuluka mu Disembala 2011 nkuyamba kugwira ntchito pa 4 Januwale 2014.

Kale zinali chonchi, tsiku la ntchito limatha kufika maola 16, ndipo kupuma amatha kukudulira mpaka maola 8. Koma maola 8 amenewo ankayamba kuwerengedwa ukangomasulidwa pa ntchito, ndiye mudikire basi ya hotelo, mufike, mudye, musambe, mmawa mudzuke msanga kubwereranso, tulo tenitenito mwina maola 5. Panopa kupuma kusachepere maola 10, ndipo mkati mwakemo mukhale mpata wa maola 8 ogona osasokonezedwa. Chinanso chimene inu a shifiti muchimvetse msanga, anayamba kuyang'ana nthawi imene munthu wayambira ntchito komanso kuti atera kangati. Woyamba mmawa dzuwa litatuluka ndi maulendo ochepa atha kufika maola 14, koma woyamba pakati pa usiku amathera pa 9. Anavomereza m'malamulo momwemo kuti kuyambira 2 koloko mpaka cha m'ma 6 mmawa thupi limakhala pansi, nthawi yomwe mwatchula ija. Kuuluka kwenikweni kusapitirire maola 8 kapena 9 pa tsiku, ndipo pa masiku 7 aliwonse pakhale maola 30 otsatizana opanda ntchito iliyonse.

Zoti kutera kambirimbiri kumatopetsa zinakhudza kwambiri makampani ang'onoang'onowa chifukwa ndi amene amadumphadumpha ka 5 ka 6 pa tsiku. Mu Okutobala 2004 ndege ya Corporate Airlines inagwa ku Kirksville, Missouri, anthu 13 anafa, oyendetsa anali pa ulendo wa nambala 6 tsiku limenelo atagwira kale ntchito maola oposa 14. Ndiye vutoli linkadziwika kalekale, kungoti panalibe wolikankha mpaka mabanja a ku Buffalo aja.

Pa maphunziro naponso, a Wa_Cessna, anasinthapo ndithu. Kale mu simuleta ankangokufikitsa pakhomo pa stall nkukuuza kuti utulukemo osataya mtunda wambiri, ndipo chizolowezi chimenecho chimapangitsa munthu kuopa kukankha mphuno pansi. Lamulo la 2013 linati aliyense azilowetsedwa mu stall yeniyeni mu simuleta, aimve, aphunzire kutulukamo, ndipo makampani anapatsidwa mpaka Malichi 2019 kuti akonze makina awo.

Chisale_Memphis

Ndiwonjezere pamene a Kamtambo asiyira chifukwa pali mabowo awiri amene mpaka lero sanatsekedwe ndipo ine amandikwiyitsa.

Loyamba, Part 117 siikakamiza ndege zonyamula katundu. Anazichotsamo ati mtengo wake ukuposa phindu. Koma ndi ndani amauluka usiku kuposa a katundu? Thupi la payiloti wonyamula makatoni ndi losiyana ndi la wonyamula anthu? Mlengalenga ndi momwemo, mabwalo ndi omwewo, nyumba za anthu pansipa ndi zomwezo. Pa 14 Ogasiti 2013 ndege ya UPS inagwa mbandakucha ikufuna kutera ku Birmingham, Alabama, oyendetsa onse awiri anafa, ndipo kutopa kunatchulidwa mu lipoti.

Lachiwiri ndi lomwe lija la mtsikana wa ku Seattle. Ulendo wochoka kwanu kupita kumene ntchito yako imayambira suwerengedwa ngati ntchito. Utha kuchezera usiku wonse m'ndege za ena, lamulo limangofuna usaine kuti uli bwino usananyamuke. Anthu ambiri amabwereka bedi m'tinyumba tina pafupi ndi eyapoti, amati crash pad, mabedi osanjikizana, wina akulowa 1 koloko usiku wina alamu ikulira 4 koloko. Papepala munthuyo wapuma maola 10.

Za kubisa mayeso olephera zija nazonso zinachedwa zedi. Lamulo la 2010 linalamula kuti pakhale nkhokwe imodzi ya mbiri ya payiloti aliyense, koma malamulo ake omaliza anadzatuluka mu 2021, zaka 11. Pakati pamenepo mu Febuluwale 2019 ndege ya Atlas Air inagwera m'madzi kufupi ndi Houston, anthu 3 anafa, ndipo anapezanso kuti wachiwiri wa kaputeni sanaulule mbiri yake yonse ya maphunziro pofunsira ntchito. Nkhani yomweyo, patapita zaka 10.

Bambo_a_Tadala

Ine ndiima mbali ya lamuloli ndipo a Wa_Cessna mundikhululukire achimwene, ndikumva ululu wanu koma tamverani.

Mukunena zoona kuti awiri aja anali ndi maola oposa 1,500 pa tsiku la ngozi. Koma kaputeni uja pamene ankalembedwa ntchito anali ndi maola cha m'ma 600 okha, maziko ake anali osalimba, ndipo maola otsatirawo ambiri ndege imadziyendetsa yokha pa autopilot. Dzanja limene inu mwanena kuti linakankha lokha lija, iye sanapeze mpata wolipanga. Mwadziyankha nokha ndi nkhani yanu ija.

Chachiwiri ndi ndalama, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri saona. Nthawi imene kampani imatha kutola mwana aliyense wa maola 250, ana anali mbwee pakhomo, ndiye imalipira zimene yafuna, ukakana wina alowa. Nchifukwa chake munthu wonyamula miyoyo 70 ankalandira zosakwana kulipira nyumba. Khomo litachepa, kuphatikizapo kupuma pa ntchito kwa akuluakulu ambiri nthawi ya Covid, makampani anayamba kulimbirana anthu, moti mu 2022 ena anakweza malipiro a woyamba kumene kufika madola 90 mpaka 100 pa ola lowuluka. Munthu wolandira chonchi atha kuchita lendi pafupi ndi ntchito, atha kuimba foni kuti ndadwala osawerengera kaye mtengo wa hotelo. Ndiye kwa ine lamulo la maola linathandiza nkhani ya tulo ija kudzera kuseri, mwina kuposa mmene olilemba ankaganizira.

Makampani sanasiye kulimenya. Mu 2022 Republic Airways inapempha kuti ophunzira a sukulu yake azilowa ndi maola 750 ngati asilikali, a FAA, bungwe la boma loyang'anira zandege, anakana mu Seputembala chaka chomwecho. Mu 2023 ndi 2024 aphungu akukambirana lamulo lalikulu la FAA nkhondo inabukanso, mabanja aja anabweranso, imvi zili mbuu tsopano, 1,500 inatsala. Chimene chikundidetsa nkhawa nchakuti Bryan Bedford, amene ankatsogolera Republic nthawi ya pempho lija, ndi amene anakhala mkulu wa FAA mu 2025. Ndiye maso akhale pamenepo.

Sindikunena kuti lamuloli lilibe mtengo wake. Matauni ena ang'onoang'ono ndege zinachepa, ena zinasiyiratu kupitako, makampani akuti oyendetsa akusowa. Koma taonani, pakati pa 2003 ndi 2009 ngozi zakupha za ndege zonyamula anthu ku America zambiri zinkagwera makampani ang'onoang'ono omwewa, ya Comair ku Lexington mu 2006 yokha inapha 49. Kuchoka pa Colgan panadutsa zaka pafupifupi 16 popanda ngozi yaikulu chotero ya kampani ya ku America, mpaka Januwale 2025 pamene ndege ya PSA inawombana ndi helikopita ya asilikali ku Washington anthu 67 nkufa, ndipo imeneyo nkhani yake inali ya kayendedwe ka mahelikopita pafupi ndi bwalo. Kuti mwa zosintha zonsezo chinathandiza kwambiri ndi chiti, anthu akutsutsanabe. Koma ine sindingayambe kuzula njerwa pa khoma limene laima chonchi.

Wa_Cessna

Bambo a Tadala palibe chokhululukira, pa za malipiro ndagwirizana nanu ndithu, ineyo ndikafika ndidzadya phindu lomwelo. Pempho langa ndi limodzi basi, mwa maola amenewa ena azikhala olongosoka, mu simuleta yabwino, ndi mphunzitsi wodziwa, kuzima injini, madzi oundana, stall usiku mu mitambo, zinthu zimene mu Cessna sindingaziyese nkukhala moyo. Panopa kosi ya ATP isanafike mayeso ili ndi maola 30 m'kalasi ndi 10 okha mu simuleta. 10 pa 1,500. Ndipo ngati dziko likufuna khomo likhale lalitali chonchi lithandizeko ana pa ngongole, apo ayi mu cockpit muzidzangokhala ana a anthu amene anali nazo kale.

Mayi Nangozo, mwanayo mumuuze asamangosaka masiku a dzuwa. Atenge layisensi yophunzitsa za instrument, kuuluka podalira zipangizo zokha osaona kunja, aziuluka usiku, azipita maulendo ataliatali, ndi maola omwewo koma amasiya kanthu m'manja.

Nangozo

Zikomo nonse, ndawerenga kawiri. Ndinabwera nditakwiya ndipo za ngongolezo mkwiyo ukadalipo, sindibisa. Koma nkhani ya mtsikana wa zaka 24 uja yandikhala pakhosi, ndi msinkhu womwewo wa mwana wathuyu, ndipo naye ndikumudziwa, atadwala sanganene, angoti ndili bwino azakhali. Ndamutumizira zonsezi. Loweruka tikamalankhula ndimufunsa za sukulu yake ngati ili m'gulu la 1,000 lija, komanso ndimufunsa kuti masiku ano akumagona maola angati, chifukwa sabata yatha anandiimbira kwawo kuli 1 koloko usiku akuti akukonzekera wophunzira wa 6 koloko mmawa.